Kontrakitala mmodzi kapena ambiri: za ku Olkiluoto ndi za ku Medupi

Kampani ikaganiza zomanga fakitale ya feteleza, malo oyengera mkuwa kapena siteshoni yopangira magetsi, funso lovuta limabwera maziko asanakumbidwe: kodi ntchitoyi tiipereka bwanji? Njira zilipo zingapo, koma pa ntchito zikuluzikulu za mafakitale mkangano umakhala pa ziwiri. Yoyamba ndi kupereka zonse kwa kontrakitala mmodzi pa mtengo umodzi womwe mwagwirizana. Iye ajambule mapulani, agule makina, amange, ayese ngati zonse zikugwira ntchito, akatero akupatseni makiyi. Anthu a ntchitoyi amaitchula kuti EPC. Yachiwiri ndi yakuti mwini ntchito agwire yekha chiwongolero. Amalemba kampani ya mainjiniya yomujambulira mapulani ndi kumuyang'anirira ntchito, koma makontrakiti a ogulitsa makina, othira konkireti, owotcherera mapaipi ndi amagetsi amasaina yekha, iliyonse payokha. Njira imeneyi imatchedwa EPCM, ndipo eni ntchito ena amafika poyendetsa zonse ndi anthu awoawo.

Amene anamangitsapo nyumba nkhaniyi akuidziwa kale. Ukhoza kupatsa mmisiri ndalama kuti akubweretsere nyumba yotha, kapena ukhoza kumagula wekha simenti, malata ndi misomali, n'kumalipira womanga, kalipentala ndi pulambala payekhapayekha. Njira yoyamba imakupatsa tulo, yachiwiri imakupatsa mphamvu ndi mutu waching'alang'ala. Kungoti fakitale imamangidwa ndi ngongole ya mabiliyoni, ndipo tsiku lililonse lochedwa chiwongoladzanja chimakhala chikuwerengeredwa pamene fakitaleyo sinagulitse kanthu.

Chokoma cha EPC chili poyera. Pali mtengo umodzi, tsiku limodzi lomalizira, ndi munthu mmodzi womufunsa zinthu zikalakwika. Makina akakanika kutulutsa zomwe analonjeza, mwini ntchito safunika kufufuza ngati wolakwa ndi wojambula mapulani kapena womanga, chifukwa onsewo ali pansi pa dzina limodzi. Akachedwa, kontrakitala amalipira chindapusa cha tsiku lililonse. Mabanki amaikonda kwambiri njira imeneyi, makamaka pamene ngongole idzabwezedwe ndi ndalama zochokera mu fakitale yomweyo. Bungwe la mainjiniya la FIDIC, lomwe likulu lake lili ku Geneva, linatulutsa mu 1999 buku lachitsanzo la makontrakiti oterewa, lomwe limadziwika ndi chikuto chake cha siliva, ndipo linalikonzanso mu 2017. Ku Zambia, siteshoni ya magetsi a madzi ya Kafue Gorge Lower, ya mamegawati 750, inamangidwa ndi Sinohydro pa kontrakiti ya EPC, ndipo siteshoni ya malasha ya ku Maamba, ya mamegawati 300, inamangidwa mwa njira yomweyo ndi SEPCO.

Koma tulo timeneti timagulidwa. Kontrakitala amene akuvomera kusenza zosadziwika zonse amaika ndalama yapadera pamwamba pa mtengo, yodzitetezera, ndipo ndalamayo mwini ntchito amailipira ngakhale zoopsazo zisachitike. Akangosaina, mwini ntchito mawu ake amachepa. Akafuna kusintha kanthu, ngakhale kusuntha thanki kapena kukulitsa paipi, amagula kusinthako kwa wogulitsa mmodzi yemwe alibe wopikisana naye. Palinso chinthu china chomwe sichionekera msanga. Munthu amene phindu lake ndi zomwe zatsala pa mtengo wokhazikika amasankha pampu yotsika mtengo yomwe ingapirire mpaka nthawi ya chitsimikizo itatha, pamene mwini fakitale adzakhala ndi pampuyo zaka makumi atatu.

Zonsezi ndi zodziwika, ndipo munthu akhoza kuziwerengera. Chomwe chimapweteka kwenikweni ndi chikhulupiriro chakuti mtengo wokhazikika umachotsa chiopsezo. Nkhani ya ku Olkiluoto, m'dziko la Finland, ndi imene imandichititsa kukana zimenezi.

Mu December 2003, kampani ya magetsi ya TVO inasaina kontrakiti ndi makampani a Areva ya ku France ndi Siemens ya ku Germany kuti aimangire siteshoni yachitatu ya nyukiliya pa chilumba cha Olkiluoto, ya mamegawati 1,600. Mtengo unali pafupifupi €3 biliyoni, wokhazikika, wolandira makiyi. Kumanga kunayamba mu 2005 ndipo magetsi amayembekezeka mu 2009. Pa pepala, TVO inali itadziteteza mbali zonse. Koma makina omwe ankamangidwawo, otchedwa EPR, anali asanamangidwepo kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo mapulani ake anali asanathe pamene ntchito imayamba. Kwawo ku France, Areva inkapanga makina a nyukiliya okha, pamene ntchito yolumikiza zonse ndi kuyang'anira malo omangira inkagwiridwa ndi kampani ya magetsi ya EDF. Ku Finland, Areva inasenza udindo womwe inali isanauzolowere. Posakhalitsa bungwe loona za chitetezo cha nyukiliya m'dzikomo, la STUK, linapeza zolakwika pa konkireti ya maziko ndi pa kawotchereredwe ka zitsulo, ndipo linadandaula ndi mmene makontrakitala ang'onoang'ono ankayang'aniridwira. Mapulani a makompyuta oyendetsa siteshoniyo anatenga zaka kuti avomerezedwe.

Mbali ziwirizi zinatengerana ku bwalo la oweruza mikangano ya zamalonda, aliyense akuloza mnzake chala ndi kufuna mabiliyoni. Mlanduwo unayenda pafupifupi zaka khumi mpaka mu March 2018, pamene anagwirizana kuti omangawo alipire TVO €450 miliyoni. Siteshoniyo inayamba kupereka magetsi mokhazikika mu April 2023, patadutsa zaka pafupifupi 14 kuchokera pa nthawi yomwe analonjeza. Ndalama zonse zomwe zinalowapo ambiri amaziika pa €11 biliyoni kapena kuyandikira pamenepo.

Tinene mwachilungamo kuti kontrakitiyo inagwira ntchito yake pa chinthu chimodzi: gawo lalikulu la ndalama zoonjezerazo linagwera Areva, yomwe inafooka mpaka boma la France linachita kuigawa ndi kuithiramo ndalama. TVO inalipira zochuluka kuposa zomwe inakonzekera, koma sinasenze katundu yense. Komabe magetsi a zaka 14 sanabwere. Palibe chindapusa chomwe chimabweza zimenezo, chifukwa makontrakiti oterewa amaika malire pa chindapusa, ndipo kawirikawiri amakaniratu kulipira phindu lomwe mwini ntchito wataya. Komanso TVO inachita mwayi kuti kumbuyo kwa kontrakitala wake kunali boma lolemera.

Ena mwayi umenewo analibe. Ku America, Westinghouse inavomera kumanga masiteshoni a nyukiliya ku Vogtle, m'chigawo cha Georgia, ndi ku V.C. Summer, m'chigawo cha South Carolina, pa mitengo yokhazikika. Mu March 2017 kampaniyo inathawira ku khoti kukanena kuti yalephera kubweza ngongole. Ntchito ya ku V.C. Summer inasiyidwa chaka chomwecho itadya kale mabiliyoni. Ku Vogtle, Toshiba, yomwe inali mwini wa Westinghouse, inalipira $3.68 biliyoni, koma eni ntchito anakakamizika kutenga okha chiwongolero chomwe ankaganiza kuti anachigulitsa, ndipo anamaliza mu 2023 ndi 2024. Mu May 2024 zomwezi zinaonekanso ku Texas, pa fakitale ya gasi ya Golden Pass, pamene kontrakitala wamkulu, Zachry, anagwa ntchito ili mkati. Lonjezo la mtengo wokhazikika limalemera mofanana ndi thumba la amene walonjezayo. Thumbalo likabooka, chiopsezo chimabwerera kwa mwini ntchito, ndipo chimamupeza alibe anthu odziwa pomwe ntchito yafika. Makampani ena akuluakulu a zomangamanga anaona zimenezi n'kuyamba kudzichotsa: SNC-Lavalin ya ku Canada inalengeza mu 2019 kuti yasiya kupikisana nawo pa makontrakiti a mtengo wokhazikika. Opikisana akamachepa, otsalawo amakweza mitengo.

Sikuti EPC imalephera paliponse. Ku Sabine Pass, m'chigawo cha Louisiana, Bechtel inamangira Cheniere fakitale yoziziritsa gasi pa kontrakiti ya mtengo wokhazikika, ndipo sitima yoyamba inanyamula gasi mu February 2016. Magawo a fakitaleyo, omwe anafika asanu ndi limodzi, ankatha pa nthawi yake. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Luso lake linali lodziwika, Bechtel inali itamangapo mafakitale ofanana nawo kwina, ndipo gawo lililonse linali kubwereza lomwe latha kale. Kontrakitala ankadziwa chomwe akuikira mtengo.

Tsopano njira yachiwiri ija. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mwini ntchito amaona mtengo weniweni wa chinthu chilichonse ndipo salipira ndalama yodzitetezera ya wina. Akhoza kuitanitsa makina otenga nthawi yaitali kupanga pamene mapulani ena akujambulidwa. Akapeza kuti mwala wa mu mgodi ndi wolimba kuposa mmene ankaganizira, amasintha chigayo chophwanyira popanda kukangana ndi munthu. N'chifukwa chake makampani a migodi amaikonda, popeza pansi pa nthaka pamabisa zambiri. First Quantum, yomwe ili ndi mgodi wa Kansanshi ku Solwezi ndi wa Sentinel ku Kalumbila, m'dziko la Zambia, imadziwika ndi kumanga mafakitale ake pogwiritsa ntchito gulu lakelake la mainjiniya, lomwe limachoka pa ntchito ina kupita pa inzake. Ng'anjo yosungunulira mkuwa ya ku Kansanshi, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2015, inamangidwa motero. Ntchito ikagawidwa, makampani ang'onoang'ono a m'dziko momwemo amapezanso mpata wopikisana pa magawo omwe angawathe.

Koma walira mvula walira matope. Mu njira imeneyi kampani ya mainjiniya ndi mlangizi chabe. Imalipidwa pa maola omwe yagwira, ndipo silonjeza mtengo kapena tsiku lomalizira. Wothira konkireti akachedwa, woika boyila amaima n'kutumiza bilu ya masiku omwe anthu ake akhala osagwira ntchito, ndipo biluyo imapita kwa mwini ntchito. Polumikizira paliponse pakati pa makontrakitala awiri ndi pake.

Anthu athu omwe ali ku South Africa, omwe ankagona mumdima chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, zotsatira zake anaziona ndi maso. Kampani ya Eskom inayamba kumanga siteshoni ya malasha ya Medupi pafupi ndi Lephalale, m'chigawo cha Limpopo, mu 2007, ndi inzake ya Kusile ku Mpumalanga mu 2008. Iliyonse ili ndi magawo asanu ndi limodzi, otulutsa pafupifupi mamegawati 4,800. Eskom sinapereke ntchitoyi kwa kontrakitala mmodzi. Inaigawa m'makontrakiti makumi angapo: maboyila kwa Hitachi, makina opukusa magetsi kwa Alstom, zomangamanga kwa ena, ndipo ntchito yolumikiza zonsezi inatsala m'manja mwake, mothandizidwa ndi alangizi.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, Eskom inkamanga masiteshoni akuluakulu motsatizana ndipo inali ndi anthu odziwa ntchitoyi. Koma siteshoni yake yomaliza ya malasha, ya Majuba, inatha mu 2001, ndipo kwa zaka zingapo boma linailetsa kumanga zatsopano poyembekezera kuti makampani ena alowa mu msika. Akatswiri ambiri anapuma kapena kuchoka. Pamene chilolezo chimabwera, magetsi anali atatsala pang'ono kuperewera, ndipo ntchito inayamba mothamanga mapulani asanakhwime. Mu 2013 kunapezeka zolakwika pa kawotchereredwe ka maboyila, makompyuta otetezera boyila analephera mayeso, ndipo sitalaka za ogwira ntchito zinaimitsa malo onse kwa milungu. Pamalo pomwe pali olemba ntchito ambiri, mkangano wa malipiro kwa mmodzi umafalikira kwa onse. Gawo loyamba la Medupi linayamba kupereka magetsi mu 2015, zaka zingapo mochedwa, ndipo lomaliza mu July 2021. Patangotha masiku ochepa, mu August chaka chomwecho, jenereta ya gawo lachinayi inaphulika. Ku Kusile, njira yotulutsira utsi inagwa mu October 2022 n'kuimitsa magawo atatu pa nthawi yomwe dziko linali pa mavuto aakulu a magetsi.

Palinso mbali ina yomwe sitingaidumphe. Makontrakiti akachuluka, makomo olowera akatangale amachulukanso. Mu 2015, Hitachi inavomera kulipira $19 miliyoni ku bungwe la boma la America loyang'anira msika wa masheya pa nkhani ya ndalama zomwe zinapita ku Chancellor House, kampani yogwirizana ndi chipani cha ANC. EPC nayo siteteza ku katangale, chifukwa kontrakiti imodzi yaikulu ikhoza kugulidwa kamodzi kokha zonse n'kuthera pomwepo, koma kulondera khomo limodzi n'kosavuta kusiyana ndi kulondera makumi atatu.

Tikaika ntchito ya ku Olkiluoto ndi ya ku Medupi pamodzi, chodabwitsa ndi kufanana kwake. Wina anasankha kontrakitala mmodzi, wina anagawa, koma onse anachedwa ndi zaka zambiri ndipo mitengo inakwera koopsa. Gwero lake linalinso limodzi: anayamba kumanga mapulani asanathe, ndipo amene anapatsidwa udindo wolumikiza ntchito yonse, Areva ku Finland ndi Eskom ku South Africa, analibe gulu lozolowera udindowo pa nthawiyo. Mtundu wa kontrakiti sunachiritse matendawa. Chomwe unachita ndi kusankha wolipira. Ku Finland gawo lalikulu linakagwera kontrakitala ndi okhoma msonkho a ku France. Ku South Africa linagwera Eskom, yomwe ngongole yake inadutsa R400 biliyoni, mpaka mu 2023 boma linalengeza kuti lisenza R254 biliyoni ya ngongoleyo. Pamenepo ndiye kuti walipira ndi munthu wamba, pa bilu ya magetsi ndi pa msonkho.

Chotero ine ndimaona kuti funso lakuti njira yabwino ndi iti limabwera pambuyo pa mafunso ena awiri. Loyamba ndi lakuti kodi chomwe tikufuna kumangacho tikuchidziwa mpaka pati. A FIDIC enieniwo, m'mawu otsogolera buku lawo la siliva lija, amachenjeza kuti silikuyenera pamene opikisana alibe nthawi kapena uthenga wokwanira wofufuzira ntchito, kapena pamene gawo lalikulu la ntchito lili pansi pa nthaka pomwe sangathe kuyendera. Kufunsa mtengo wokhazikika pa chinthu chosadziwika kumabala chimodzi mwa ziwiri: kontrakitala wochenjera amaika mtengo wokwera kwambiri, ndipo wanjala amaika wotsika kuti apambane, akudziwa kuti adzabweza ndalama zake kudzera m'madandaulo ntchito ikadzafika poti simungamuchotse. Funso lachiwiri ndi lopweteka, chifukwa limafuna kudziyang'ana: kodi tili ndi anthu? Sindikunena mainjiniya oyendetsa siteshoni yomwe ilipo kale, amenewo ndi luso lina. Ndikunena anthu omwe anayendetsapo ntchito yomanga ya msinkhu umenewu posachedwapa, odziwa kuwerenga ndondomeko ya masiku, kuyankha kalata ya dandaulo nthawi yake isanathe, ndi kupanga chiganizo lero osadikira msonkhano wa bodi wa mwezi wamawa. First Quantum ili nawo chifukwa simasiya kumanga. Kampani yomanga fakitale imodzi pa zaka makumi awiri singakhale nawo.

Pakati pa njira ziwirizi pali ina yomwe ikufala. Mwini ntchito amalipira kontrakitala kuti ayambe ndi kujambula mapulani ndi kufunsa mitengo ya makina mabuku ali poyera, ndipo zambiri zikadziwika m'pamene amamanga mtengo wokhazikika. Imachedwetsa kusaina, ndipo imafuna kukhulupirirana, koma mtengo womwe umatulukapo umakhala wa chinthu chomwe onse achiona.

Kwathu kuno ku Malawi nkhaniyi ili ndi zake zoonjezera. Ntchito zathu zikuluzikulu zimamangidwa ndi ndalama zobwereka kapena zothandizidwa, ndipo obwereketsa nthawi zambiri amafuna EPC, choncho mpata wosankha umakhala wochepa. Komanso mtengo wokhazikika umakhala wokhazikika mu ndalama inayake. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Ngati kontrakiti ili m'madola, mwini ntchito amene amapeza makwacha anaona ngongole yake ikufufuma usiku umodzi. Ngati ili m'makwacha popanda ndime yosinthira mitengo, kontrakitala amene amagula zitsulo kunja anayamba kuluza, ndipo kontrakitala woluza amachotsa anthu ake abwino pa ntchito. Ndime yonena za ndalama yolipirira, ndi za amene asenze vuto ndalama zakunja zikasowa m'mabanki, ndi yofunika kuposa dzina la kontrakiti. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo ntchito yomwe ikukonzedwa ku Mpatamanga ndi ya pa mtsinje womwewo. Ntchito za madamu zimadalira thanthwe lomwe lili pansi ndi kuchuluka kwa madzi osefukira, monga tinaonera mu January 2022 pamene namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130. Zinthu zoterezi zimafunika kuyezedwa ndi ndalama za mwini ntchito opikisana asanaitanidwe. Ndipo ngati tikufuna kuti makontrakitala athu a m'dziko muno apeze gawo lenileni, osati kukumba ngalande kokha, magawo awo atchulidwe m'kontrakiti momveka, chifukwa kontrakitala wa EPC akangosaina amasankha yekha ogwira nawo ntchito.

Chigamulo changa n'chakuti kwa kampani ya boma kapena yabizinesi ya kuno yomwe simanga kawirikawiri, EPC ndiyo njira yoyenera pa luso lodziwika bwino, monga magetsi a dzuwa, fakitale ya shuga kapena ya simenti. Koma ikhale EPC yomwe yatsogoleredwa ndi kafukufuku wa nthaka ndi mapulani oyambirira olipiridwa mokwanira, yoperekedwa kwa kontrakitala yemwe anamangapo chinthu chomwecho ndipo mabuku ake a chuma afufuzidwa, komanso yoyang'aniridwa ndi injiniya wa mwini ntchito wokhala pamalopo tsiku ndi tsiku. Kugawa ntchito kusiyiridwe amene ali ndi gulu lomwe linamaliza ntchito yofanana nayo posachedwapa ndiponso thumba lotha kupirira mtengo ukakwera. Inu a m'mabodi ndi m'makomiti ogula katundu, musanavomereze njira iliyonse, itanitsani lipoti la nthaka, mufunse kuti mapulani afika pati, ndipo muuzidwe mayina a anthu anu omwe adzakhale pamalo omangira kuyambira tsiku loyamba mpaka lolandira makiyi.